Kodi magetsi angathandize ubongo woiwalaiwala?

Kachipangizo kake ndi kakang'ono, koti n'kukwana m'thumba la malaya, ndipo kamayendera batire. Mawaya awiri amachoka pa kachipangizoko n'kukathera pa timasiponji tiwiri tonyowetsedwa m'madzi a mchere, timene amatimangirira pamutu ndi lamba. Akakayatsa, magetsi ochepa kwambiri, miliampeya 1 kapena 2, amayenda kuchoka pa siponji ina kupita pa inzake kwa mphindi 20 kapena 30. Munthu amangomva kuyabwa kapena kunyerenyetsa pakhungu, ndipo nthawi ikakwana amavula lambayo n'kumapita kwawo, osachekedwa, osabayidwa jekeseni.

Kuyambira cha mu 2008, ofufuza a ku Italy, Brazil, Norway, Egypt, America, Canada, Britain ndi mayiko ena akhala akuyesa zipangizo zoterezi pa anthu odwala dementia, matenda amene amachititsa munthu kuiwalaiwala mpaka kulephera kudzisamalira. Nyuzipepala zakunja zimaikonda nkhaniyi, ndipo nthawi zina zimailemba ngati kuti mankhwala apezeka. Umboni umene ulipo sunafike pamenepo, komanso si woti n'kuutaya. Magetsi ofooka amatha kusinthako mmene ubongo ukugwirira ntchito, makamaka matenda akangoyamba kumene komanso ngati munthuyo akuphunzitsidwa chinachake pa nthawi yomweyo. Chimene sichinaoneke n'chakuti amaimitsa matendawo.

Chimene chakopa ofufuza

Bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi dementia, ndipo chaka chilichonse pamawonjezeka ena pafupifupi 10 miliyoni. Oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi amene akungotukuka kumene. Matendawa si ukalamba wamba ayi. Agogo amene aiwala pomwe aika makiyi n'kudzakumbukira madzulo sakudwala. Koma amene asochera panjira ya kuchitsime chimene akhala akutungako madzi moyo wawo wonse, kapena amene akufunsa mwana wawo weniweni kuti ndi ndani, ubongo wawo ukuwonongeka.

Mtundu wofala kwambiri, umene umagwira odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse, ndi wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Mu ubongo mumaunjikana mapuloteni awiri, amyloid ndi tau, ndipo maselo amafa pang'onopang'ono, kuyambira ku kachigawo kotchedwa hippocampus ndi malo oyandikana nako, kumene zinthu zatsopano zimayambira kusungidwa. Mitundu ina imadza chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi, ndipo ina imayamba ndi kusintha khalidwe kapena kusowa mawu polankhula.

Mankhwala alipo, koma mphamvu yake ndi yochepa. Donepezil, amene anavomerezedwa ku America mu 1996, ndi memantine wa mu 2003, amangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi. Atsopano, lecanemab wa mu 2023 ndi donanemab wa mu 2024, amachotsa amyloid mu ubongo. Pa kafukufuku wa miyezi 18, lecanemab anachedwetsa kulowa pansi kwa odwala ndi 27 pa 100, koma amaperekedwa pa diripi, angathe kutupitsa ubongo kapena kukhetsa magazi mkati mwake, ndipo mtengo wake ku America unaikidwa pa madola 26,500 pachaka. Ngakhale ku England, bungwe la NICE linakana kuti zipatala za boma zizipereka mankhwalawa, ponena kuti phindu lake silikugwirizana ndi mtengo.

Apa m'pamene magetsi akulowera. Maselo a ubongo amatumizirana mauthenga ndi timphamvu ta magetsi. Selo likalandira mauthenga okwanira kuchokera kwa anzake, limatulutsa kamphamvu kake n'kupatsira ena. Mu matenda a Alzheimer, malumikizano a pakati pa maselo amayamba kufooka maselowo asanafe. Ofufuza amaganiza kuti pa nthawi imeneyi, pamene maselo akadali moyo koma sakumvana bwino, kuwakankhako pang'ono kuchokera kunja kwa mutu kungawathandize.

Njira zake n'zosiyanasiyana

Ganizoli ndi lakale. M'zaka za zana loyamba, sing'anga wa ku Rome, Scribonius Largus, ankalangiza kuika nsomba ya nyesi yamoyo pamutu pa munthu wodwala mutu wosamva mankhwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Giovanni Aldini wa ku Bologna anayesa mabatire oyambirira pa munthu wovutika maganizo. Koma kafukufuku wamakono anayamba kuyenda bwino mu 2000, pamene Michael Nitsche ndi Walter Paulus a ku Göttingen, ku Germany, anasonyeza ndi miyeso kuti magetsi ofooka odutsa pamutu amasintha changu cha maselo a chigawo cha ubongo choyendetsa dzanja, ndipo kusinthako kumapitirira kwa kanthawi chipangizo chitazimitsidwa.

Njira yawoyo, imene imadziwika kuti tDCS, ndi imene tafotokoza poyamba ija. Magetsi amayenda molunjika mbali imodzi. Pansi pa siponji ina maselo amakhala okonzeka kutulutsa uthenga msanga, pansi pa inzake amachedwako. Magetsiwo paokha sachititsa selo kutulutsa uthenga, amangolipeputsira ntchito. Zili ngati kukupiza moto pamafuwa: khala limene likadali ndi moto limayaka, koma phulusa ngakhale ulikupize tsiku lonse silingayake. N'chifukwa chake ofufuza ambiri amayatsa chipangizocho munthu akuchita ntchito ya ubongo, monga kuloweza mawu kapena kutchula mayina a zinthu, ndipo n'chifukwa chakenso palibe amene akuyembekezera zambiri kwa munthu amene matenda afika naye patali.

Njira yachiwiri ndi tACS. Apa magetsi amasinthasintha mbali, kupita ndi kubwerera, pa liwiro limene wofufuza wasankha. Maselo a ubongo akamagwira ntchito limodzi amagunda mogwirizana pa maliwiro osiyanasiyana. Kugunda kotchedwa theta kumachitika maulendo 4 mpaka 8 pa sekondi, ndipo kwa gamma kumayambira cha pa maulendo 30 kupita m'mwamba. Mwa odwala Alzheimer kugunda kumeneku kumasokonekera, ndiye cholinga cha tACS n'kukopa maselo kuti abwerere pa liwiro loyenera.

Njira yachitatu, TMS, imagwiritsa ntchito maginito amphamvu amene amaikidwa pafupi ndi mutu. Anthony Barker wa ku Sheffield, ku England, anaisonyeza koyamba mu 1985. Maginitowo amayambitsa magetsi mkati mwa ubongo momwemo, okwanira kudzutsa maselo, moti akalozetsa pa chigawo choyendetsa dzanja, chala chimagwedezeka chokha. Makina ake ndi aakulu, okwera mtengo, ndipo amapezeka kuchipatala kokha. Ku America anavomerezedwa mu 2008 pothandiza anthu ovutika maganizo kwambiri.

Njira zonsezi tisazisokoneze ndi ziwiri zina. Chithandizo cha ECT, chimene Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anayambitsa ku Rome mu 1938, chimagwiritsa ntchito magetsi oposa a tDCS maulendo mazanamazana, chimagwetsa munthu khunyu mwadala atagonekedwa ndi mankhwala, ndipo n'cha matenda aakulu a maganizo. Palinso njira yoboola chigaza n'kuika mawaya mkati mwa ubongo, imene imathandiza odwala Parkinson. Itayesedwa pa anthu 42 odwala Alzheimer ku Canada ndi ku America, zotsatira za mu 2016 sizinasonyeze kusiyana pakati pa amene anayatsiridwa magetsi ndi amene sanayatsiridwe.

Kodi magetsiwo amafikadi ku ubongo?

Funsoli lavutitsa akatswiri okhaokha. Khungu ndi lonyowa ndipo limadutsitsa magetsi mosavuta, pamene fupa la chigaza limawatchinga. Mu 2018, gulu la György Buzsáki wa ku New York University ndi Antal Berényi wa ku Szeged, ku Hungary, linayeza pa makoswe ndi pa mitembo ya anthu, n'kupeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magetsiwo amathera pakhungu ndi pafupa osalowa mkati. Ena anamva zimenezi ngati chiweruzo chakuti nkhani yonseyi ndi yachabe.

Ena anayankha kuti mnofu wakufa sudutsitsa magetsi ngati wamoyo. Miyeso yotengedwa mwa odwala khunyu, amene anali ataikidwa kale mawaya mu ubongo pokonzekera opaleshoni, inasonyeza kuti kamphamvu kochepa kamafikadi. N'kochepa moti sikangadzutse selo, koma kangathe kusintha nthawi imene selo lotanganidwa kale likutulutsira uthenga. Kwa odwala dementia pali vuto lina lowonjezera. Ubongo ukamafota, mpata umene watsala umadzaza madzi a mu ubongo, ndipo madziwo amapatutsa magetsi. Choncho anthu awiri atavala chipangizo chimodzimodzi pamalo amodzimodzi, ubongo wawo ukhoza kulandira zosiyana kwambiri. Ofufuza ena tsopano amayamba ajambula mutu wa munthu aliyense ndi makina a MRI, kenako kompyuta n'kuwerengera pomwe zipangizo ziyenera kukhala.

Zimene zapezeka

Chiyembekezo chinayamba ndi magulu ang'onoang'ono. Mu 2008, Roberta Ferrucci ndi Alberto Priori a ku Milan anayesa tDCS pa odwala Alzheimer 10, ndipo atangolandira kamodzi kokha odwalawo anazindikira bwinoko mawu amene anali atawaona kale. Paulo Boggio wa ku São Paulo anapeza zofanana pa kukumbukira zithunzi. Ku Assiut, ku Egypt, Eman Khedr ndi anzake anayesa odwala 34 kwa masiku 10 mu kafukufuku amene anatuluka mu 2014, ndipo amene analandira magetsi enieni anakhoza bwinoko mayeso a kaganizidwe. Koma ku Tromsø, ku Norway, kafukufuku wa mu 2016 wa odwala 25 amene analandira maulendo 6 sanapeze kusiyana kulikonse. Akatswiri a ku Ulaya ataunika umboni wonse mu 2017, sanapeze maziko olangizira madokotala kugwiritsa ntchito tDCS pa matenda a Alzheimer.

Kafukufuku amene anamveka kwambiri ndi wa gulu la Robert Reinhart wa ku Boston University, amene anatuluka mu 2022. Anthu 150 a zaka 65 mpaka 88 ankawerengeredwa mndandanda wa mawu 20 n'kuuzidwa kuti anene amene akukumbukira, uku akulandira tACS kwa mphindi 20 patsiku, masiku 4 otsatizana. Amene analandira kugunda kwapang'onopang'ono chakumbuyo kwa mutu ankakumbukira bwino mawu a kumapeto kwa mndandanda, ndipo amene analandira kugunda kofulumira chakutsogolo ankakumbukira bwino a kumayambiriro. Patatha mwezi, phindulo linali lidakalipo, ndipo amene anayamba ali ofooka ndi amene anapindula kwambiri. Zotsatirazi n'zosangalatsa chifukwa zikusonyeza kuti malo ndi liwiro zili ndi ntchito. Koma anthuwo sanali odwala dementia, ndipo chimene anayezedwa ndi mndandanda wa mawu.

Pa odwala enieni, ambiri akuyesa liwiro la maulendo 40 pa sekondi. Chidwi chimenechi chinayamba mu 2016, pamene gulu la Li-Huei Tsai wa ku yunivesite ya MIT, ku America, linanena kuti kuwala kothwanima pa liwiro limeneli kunachepetsa amyloid mu ubongo wa mbewa. Ku Brescia, ku Italy, Alberto Benussi ndi Barbara Borroni anapereka tACS ya liwiro limeneli kwa ola limodzi kwa odwala 60, ndipo mu 2022 ananena kuti atangomaliza odwalawo ankakumbukira bwinoko. Kunali kulandira kamodzi kokha, ndipo kuyezako kunachitika nthawi yomweyo. Komanso mu 2023 gulu la Buzsáki litabwereza zoyesa za kuwala pa mbewa, silinaone amyloid akuchepa.

Njira ya maginito yapereka nkhani ziwiri zosiyana. Chipangizo cha neuroAD, cha kampani ya ku Israel, chinkaphatikiza TMS ndi masewera a ubongo pa kompyuta. Kafukufuku wake wamkulu sanakwaniritse muyeso umene anadziikira, ndipo mu 2019 akatswiri olangiza bungwe la FDA ku America anati umboni sunali wokwanira. Koma ku Rome, Giacomo Koch analozetsa maginito pa chigawo chotchedwa precuneus, chimene chimalumikizana kwambiri ndi malo a kukumbukira. Pa odwala 50 amene anawatsatira kwa milungu 24, amene analandira chithandizo chenicheni sanalowe pansi kwenikweni, pamene anzawo a gulu loyerekezera, amene analandira chithandizo chongonamizira, anapitiriza kulowa pansi. Zotsatirazi, zimene zinatuluka mu 2022, ndi zina mwa zolimbikitsa kwambiri, koma zinachokera pachipatala chimodzi.

Umboni wogwirizana kwambiri ukupezeka pamene magetsi aphatikizidwa ndi maphunziro. Kyrana Tsapkini wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, ku America, anagwira ntchito ndi anthu 36 odwala mtundu wa dementia umene umayamba ndi kusowa mawu. Onse ankaphunzitsidwa kutchula ndi kulemba mayina a zinthu, koma pa nthawi imene ankalandiranso tDCS yeniyeni anasunga zimene anaphunzirazo nthawi yaitali. Ku Toronto, kafukufuku wa PACt-MD, amene anatuluka mu 2024, anatsatira okalamba 375 kwa zaka zingapo. Ena anali atayamba kuiwala pang'ono, ena anali atadwalapo matenda ovutika maganizo. Amene analandira maphunziro a ubongo pamodzi ndi tDCS kwa milungu 8, n'kumabwerezako miyezi 6 iliyonse, analowa pansi mochedwerapo. Komabe anthuwa anali asanafike pa dementia, ndipo popeza zinthu ziwirizo zinaperekedwa limodzi, sizikudziwika kuti gawo la magetsi linali lalikulu bwanji.

N'chifukwa chiyani zotsatira zikusemphana?

Choyamba ndi kuchepa kwa anthu. Pa gulu la anthu 15 kapena 20, awiri okha akadzuka bwino tsiku la mayeso, zotsatira zonse zimasintha. Chachiwiri n'chakuti gulu lililonse la ofufuza lili ndi kachitidwe kake: ena amaika chipangizo pachipumi, ena pamwamba pa khutu, ena amapereka kamodzi, ena kwa miyezi. Kuphatikiza zotsatira zoterezi kuti zipereke yankho limodzi n'kovuta.

Chachitatu chikukhudza gulu loyerekezera. Kuti adziwe ngati magetsi ndiwo athandiza, ofufuza amaveka anthu ena chipangizo n'kuchiyatsa kwa masekondi pafupifupi 30 okha, kenako chimazima mwakachetechete. Koma khungu limafiira kwambiri mwa amene akulandira magetsi enieni, ndipo ena amatha kuzindikira gulu limene ali. Kuonjezera apo, wokalamba amene wakhala yekha kunyumba akayamba kupita kuchipatala tsiku ndi tsiku, kulandiridwa ndi kucheza ndi anthu, amatsitsimuka ngakhale chipangizo chitakhala chozima. Pali vuto linanso lodziwika mu sayansi yonse, lakuti kafukufuku amene wapeza phindu amasindikizidwa msanga kuposa amene sanapeze kanthu.

Chachikulu kwambiri ndi chimene chikuyezedwa. Kukumbukira mawu awiri owonjezera pa mndandanda ndi chinthu china, ndipo kutha kuphika osaiwala mphika pamoto, kuvala wekha kapena kuzindikira mdzukulu ndi china. Mabanja akufuna chachiwirichi, koma kafukufuku wambiri wayeza choyambacho, ndiponso kwa milungu yochepa pa matenda amene amatenga zaka.

Kufika pakati pa ubongo

Hippocampus ili mkati kwambiri, ndipo magetsi a pakhungu amafooka asanafikeko. Kuwawonjezera mphamvu kumangopweteka khungu. Mu 2017, Nir Grossman ndi Ed Boyden a ku MIT anasonyeza pa mbewa njira yolambalala vutoli. Amatumiza magetsi awiri ofulumira kwambiri kuchokera mbali zosiyana, mwachitsanzo ena pa maulendo 2,000 pa sekondi, ena pa 2,005. Maselo sangathe kutsatira liwiro lotere, choncho malo amene magetsiwo akungodutsa sakhudzidwa kwenikweni. Koma pomwe awiriwo akumana pamabadwa kugunda kwa maulendo 5 pa sekondi, kumene maselo amakumva, ndipo malo okumanirawo angathe kusunthidwa mpaka mkati mwa ubongo.

Mu 2023, Grossman, amene anali atasamukira ku Imperial College London, ndi Ines Violante wa ku University of Surrey anasonyeza pa anthu 20 athanzi kuti njirayi imasintha kagwiridwe ntchito ka hippocampus pamene anthuwo ankaloweza nkhope ndi mayina ake. Kuyesa pa anthu amene angoyamba kudwala Alzheimer kunatsatira pambuyo pake. Njirayi ikadali yatsopano kwambiri, koma ndi yoyamba kulozetsa magetsi pamalo pomwe matendawo amayambira popanda kuboola chigaza.

Chitetezo, chilolezo ndi msika

Pa chitetezo, mbiri ya tDCS ndi yabwino. Marom Bikson ndi anzake ataunika mu 2016 maulendo oposa 33,000 amene anthu analandira magetsiwa pa kafukufuku, sanapeze kuvulala kwakukulu. Zofala ndi kuyabwa, kufiira kwa khungu ndi mutu wopweteka pang'ono, ndipo siponji ikauma khungu limatha kupsa. TMS ili ndi ngozi yaing'ono yogwetsa khunyu. Anthu a khunyu, a zitsulo m'mutu kapena a chipangizo chothandiza mtima kugunda nthawi zambiri saloledwa kulowa m'kafukufuku wotere.

Pali funso la chilolezo. Munthu amene sakumbukira zimene anauzidwa m'mawa angavomere bwanji kuvekedwa mawaya madzulo? Malamulo a kafukufuku amafuna kuti wachibale avomereze m'malo mwake, koma amafunanso kuti wodwalayo akakana, ngakhale pongokankha dzanja la namwino, aleke.

Msika sunadikire sayansi. Pa intaneti pakugulitsidwa zipangizo zovala pamutu zolonjeza kunola ubongo, ndipo mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku London, pomva kuti amayi ake kumudzi ayamba kusochera, angakopeke kugula chimodzi n'kutumiza. Chitetezo chimene tatchulachi chinapezeka pomwe akatswiri ankayeza mphamvu, nthawi ndi malo. Sichikutsimikizira za chipangizo chilichonse chogulidwa pa foni.

Kwathu kuno, chimene chimakopa pa tDCS n'chakuti ndi yotsika mtengo, yonyamulika, ndipo imayendera batire. Ikadzatsimikizika, ingafike kumene lecanemab sangafike. Koma odwala a m'kafukufuku ambiri amasankhidwa atapimidwa bwino, pamene ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo wokalamba woiwalaiwala nthawi zambiri safika n'komwe kwa dokotala, ndipo ena amanamiziridwa ufiti. Chofunika choyamba ndi kupimidwa, chifukwa kuiwala kwina kumachokera ku zinthu zochizika, monga kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kuvutika maganizo, mowa, chindoko kapena HIV yosalandira mankhwala. Gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linati mu 2024 pafupifupi 45 pa 100 ya dementia imagwirizana ndi zinthu 14 zimene zingathe kusinthidwa, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, kusuta, kusamva bwino, kusaona bwino, kukhala wekhawekha ndi kusapita patali ndi sukulu. Umboni wa zimenezi ndi wochuluka kuposa wa chipangizo chilichonse cha magetsi.

Nkhani yotsatira ya chipangizo cha magetsi chovala pamutu ikadzamveka pa wailesi kapena pa WhatsApp, mafunso ofunsa ndi ochepa. Anayesa anthu angati? Anali odwaladi dementia kapena okalamba athanzi? Panali gulu loyerekezera, ndipo anthu sankadziwadi gulu lawo? Anawatsatira kwa milungu kapena kwa zaka? Nanga chinasintha n'chiyani, malikisi a mayeso kapena moyo wa pakhomo? Kafukufuku wa ku Rome ndi wa ku Toronto ayankhako ena mwa mafunsowa, ndipo ndiwo akuchititsa kuti ntchitoyi ipitirire. Chimene chikusowa ndi kafukufuku wa odwala mazanamazana, m'zipatala zambiri za m'mayiko osiyanasiyana, wotsatira anthu kwa chaka kapena kuposerapo. Kufikira zotsatira zoterozo zitatuluka, malo a zipangizozi ndi m'kafukufuku, ndipo ndalama za banja zingathandize kwambiri agogo ngati zitapita ku mankhwala a kuthamanga kwa magazi, magalasi a maso ndi munthu wowasamalira.